Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi: Mwini Buku la Al-Jabr ndi Samu Imene Adati Siitheka

Mwana wa sukulu akafika Fomu 3, kaya ali ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota kapena m'masekondale a ku Kawale ndi ku Chinsapo mu mzinda wa Lilongwe, amakumana ndi masamu otchedwa quadratic equations. Ambiri amangoloweza fomula yake kuti adutse mayeso a MANEB. Nthawi zina fomulayo imawafikitsa poti apeze sikweya ruti ya nambala yochepera ziro. Kakyuleta imakana, ndipo mphunzitsi amawauza kuti samu imeneyo ilibe yankho pakati pa manambala amene iwo akuwadziwa.

Munthu amene adayala njira ya masamu amenewa m'buku, nanenanso poyera pamene njirayo imathera, adali Msilamu wa mu mzinda wa Baghdad zaka pafupifupi 1,200 zapitazo. Dzina lake ndi Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi (Allah amuchitire chifundo). Liwu loti algebra lidachokera pa mutu wa buku lake, ndipo liwu loti algorithm, limene akatswiri a makompyuta amalitchula tsiku ndi tsiku, lidachokera ku dzina lake.

Kwawo ndi nthawi yake

Al-Khwarizmi adabadwa cha m'ma 780, komwe ndi cha m'ma 164 pa kalendala ya Hijra. Bambo ake adali Musa. Dzina loti al-Khwarizmi likusonyeza dera limene banja lake lidachokera, monga mmene timamutchulira munthu kuti wa ku Makanjira kapena wa ku Malindi. Khwarizm ndi dera la kumunsi kwa mtsinje wa Amu Darya, kum'mwera kwa nyanja ya Aral, ndipo lero lili m'mayiko a Uzbekistan ndi Turkmenistan. Anthu a kumeneko ankalima ndi madzi a m'ngalande zochokera mu mtsinjewo. Deralo lidalowa mu ulamuliro wa Asilamu mu 712. Choncho al-Khwarizmi sadali Mwarabu pa mtundu, koma mabuku ake onse adawalemba m'Chiarabu, chiyankhulo chimene chinkalumikiza ophunzira kuchokera ku Spain mpaka kumalire a India.

Ntchito yake adaigwirira ku Baghdad. Mzindawu adaumanga ndi Khalifa al-Mansur wa banja la Abbas mu 762, m'mbali mwa mtsinje wa Tigris, ndipo pamene al-Khwarizmi ankabadwa udali usadakwanitse zaka 20. Zinthu ziwiri zidachititsa kuti maphunziro akule msanga mu mzindawu. Choyamba chidali pepala. Luso lopanga pepala lidachokera ku China kudzera ku Samarkand, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 700 pepala linkapangidwa mu Baghdad momwemo. Buku lidatsika mtengo poyerekeza ndi kale pamene anthu ankalemba pa zikopa. Chachiwiri chidali kumasulira. Makhalifa ndi anthu achuma ankalipira akatswiri kuti atembenuzire m'Chiarabu mabuku a Chigiriki, a Chiperisiya ndi a ku India. M'zaka za m'ma 770 nthumwi zochokera ku India zidabweretsa kwa al-Mansur buku la kayendedwe ka dzuwa, mwezi ndi nyenyezi, limene Aarabu adalitcha Sindhind.

Al-Khwarizmi adatchuka mu ulamuliro wa Khalifa al-Ma'mun, mwana wa Harun al-Rashid, amene adalamulira kuyambira 813 mpaka 833. Ibn al-Nadim, wogulitsa mabuku wa ku Baghdad amene adalemba kaundula wa mabuku wotchedwa al-Fihrist cha m'ma 987, akutiuza kuti al-Khwarizmi ankagwira ntchito m'nyumba ya mabuku ya al-Ma'mun, imene imadziwika ndi dzina loti Bayt al-Hikma, kutanthauza Nyumba ya Nzeru.

Chifukwa chimene adalembera bukuli

Cha m'ma 820 al-Khwarizmi adalemba buku lotchedwa Al-Kitab al-Mukhtasar fi Hisab al-Jabr wa al-Muqabala, kutanthauza buku lachidule la kuwerengera pobwezeretsa ndi pofananiza. Adayamba ndi kutamanda Allah ndi kumupemphera madalitso Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam), kenako adathokoza al-Ma'mun chifukwa cholimbikitsa maphunziro. Atatero adafotokoza amene ankawalembera. Sadali akatswiri anzake okha ayi. Ankafuna kuthandiza anthu pa zimene amakumana nazo kawirikawiri: kugawa chuma cha masiye, wasiya, milandu, malonda, kuyeza minda ndi kukumba ngalande.

Iye sadali woyamba kupeza mayankho a masamu a mtunduwu. Anthu a ku Babulo ankawatha kalekale, Mgiriki wotchedwa Diophantus adalembapo, ndipo Brahmagupta wa ku India adalembanso za iwo mu 628. Chatsopano chimene al-Khwarizmi adachita ndi ichi: m'malo mongoonetsa mmene samu iyi ndi iyo imathekera, adasanja masamu onse a mtunduwu m'magulu, napereka njira imodzi ya gulu lililonse, naonetsanso chifukwa chimene njirayo ili yoona. Munthu wophunzira njirayo ankatha kuyankha ngakhale funso limene mphunzitsi wake sadalionepo.

Mawu awiri a pa mutu wa bukuli amamveka bwino tikaganizira sikelo ya mbale ziwiri ya wogulitsa mpunga mu msika. Al-jabr ndi kubwezeretsa chimene chachotsedwa. Aarabu amagwiritsanso ntchito liwuli ponena za kulumikiza fupa lothyoka. Ngati mbali imodzi ya sikelo yaperewera chinthu, umachiwonjezera mbali zonse ziwiri ndipo sikelo siipendekeka. Al-muqabala ndi kuyang'anitsa mbali ziwirizo ndi kuchotsa zofanana: ngati uku kuli 50 ndipo uko kuli 29, umachotsa 29 konsekonse, uku n'kutsala 21.

Njira yake

M'buku lonselo mulibe x, mulibe chizindikiro chophatikiza, ngakhale manambala adawalemba m'mawu. Nambala yosadziwika ankaitcha shay, kutanthauza chinthu, kapena jidhr, kutanthauza muzu. Nambalayo ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe ankaitcha mal, kutanthauza chuma. Nambala wamba ankaiwerenga m'madirham, ndalama ya nthawiyo. Mawuwa okha akusonyeza kuti masamuwa adakulira pakati pa amalonda ndi oweruza milandu.

Magulu ake adalipo asanu ndi limodzi. Atatu ndi apafupi: chuma chofanana ndi mizu, chuma chofanana ndi nambala, ndi mizu yofanana ndi nambala. Atatu enawo ndi osakaniza: chuma ndi mizu zofanana ndi nambala, chuma ndi nambala zofanana ndi mizu, komanso mizu ndi nambala zofanana ndi chuma. Ana athu lero amaphunzira fomula imodzi yokha chifukwa amagwiritsa ntchito manambala ochepera ziro. Al-Khwarizmi sankawerengera manambala oterowo ngati mayankho, n'chifukwa chake adafunika magulu ambiri.

Chitsanzo chake chotchuka, tikachilemba mwa masiku ano, ndi x² + 10x = 39. Njira yake ndi iyi. Tengani theka la 10, lomwe ndi 5. Chulukitsani 5 ndi 5, mupeza 25. Phatikizani 25 ndi 39, mupeza 64. Muzu wa 64 ndi 8. Chotsani 5 uja, patsala 3. Yesani: 3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 9, 10 kuchulukitsa ndi 3 ndi 30, ndipo 9 ndi 30 zikupanga 39.

Sadalekere pamenepo. Adajambula chithunzi choti wowerenga aone ndi maso ake. Taganizirani bwalo la mbali zinayi zofanana, mbali iliyonse kutalika kwake ndi x. Lumikizani kachigawo ka mulifupi 5 kumbali yake imodzi, ndi kena kotero kumbali yoyandikana nayo. Bwalolo ndi zigawo ziwirizo pamodzi kukula kwake ndi 39, koma pangodya patsala mpata wa 5 uku ndi 5 uku. Mukatseka mpatawo ndi 25, mwapanga bwalo lalikulu la mbali zofanana lokula 64, ndipo mbali yake ndi 8. Mbali imeneyi ndi x kuphatikiza 5, choncho x ndi 3. Njira imene aphunzitsi a ku sekondale amaitcha completing the square ndi yomweyi, ndipo fomula imene ana amaloweza imachokera pamenepa.

Pamene adati siitheka

Gulu lachisanu, la chuma ndi nambala zofanana ndi mizu, ndi limene lili ndi nkhani yaikulu. Chitsanzo chake ndi x² + 21 = 10x, ndipo chimachokera ku funso loti: gawani 10 pawiri, kuti zigawo ziwirizo zikachulukitsidwa zipereke 21. Theka la 10 ndi 5, ndipo 5 kuchulukitsa ndi 5 ndi 25. Ulendo uno 21 timamuchotsa pa 25, patsala 4, ndipo muzu wa 4 ndi 2. Chotsani 2 pa 5 mupeza 3. Phatikizani 2 ndi 5 mupeza 7. Al-Khwarizmi adaona kuti mayankho onse awiri ndi oona.

Kenako adachenjeza wowerenga za zinthu zina ziwiri zimene zingachitike. Ngati nambala yochotsayo ikufanana ndi 25 uja, sipatsala kanthu, ndipo yankho ndi limodzi lokha, theka lija. Koma ngati nambalayo yaposa 25, iye adalemba kuti funsolo ndi losatheka.

Tanthauzo la chenjezoli limaoneka bwino pa ntchito ya manja. Tinene kuti mayi wina ku Mgona ali ndi waya wa mamita 20 ndipo akufuna kumanga khola la nkhuku la ngodya zinayi kuseri kwa nyumba. Mulitali ndi mulifupi zikaphatikizidwa ziyenera kupanga mamita 10. Akamanga la 1 ndi 9 apeza malo a masikweya mita 9. La 2 ndi 8 apeza 16. La 3 ndi 7 apeza 21. La 4 ndi 6 apeza 24. La 5 ndi 5 apeza 25. Pamenepa ndiye pothera. Mmisiri akamulonjeza khola la masikweya mita 40 ndi waya womwewo, ndiye kuti akumunamiza. Njira ya al-Khwarizmi ikunena zomwezo: 25 kuchotsapo 40 ndi 15 kunsi kwa ziro, ndipo palibe muyeso wa tepi umene ukachulukitsidwa ndi iwo womwe ungapereke nambala yochepera ziro. Ngakhale –3 kuchulukitsa ndi –3 ndi 9.

Katswiri wina wa nthawi yomweyo, Abd al-Hamid ibn Turk, adaonetsanso ndi zithunzi chifukwa chimene funso lotere lilibe yankho. Anthu amenewa sadabise malo ovutawa, ndipo sadapeke yankho kuti aoneke anzeru. Adaika chizindikiro pamalire enieni. Ichi ndi chimene chidathandiza amene adabwera pambuyo pawo kudziwa pofunika kukumba.

Chuma cha masiye

Gawo lalikulu kuposa onse m'bukuli, pafupifupi theka lake, ndi la wasiya ndi chuma cha masiye. Surah An-Nisa, ma Ayah 11, 12 ndi 176, idaika magawo odziwika: 1/2, 1/4, 1/8, 2/3, 1/3 ndi 1/6. Kuchokera mu Hadith ya Sa'd ibn Abi Waqqas tikudziwanso kuti wasiya sayenera kupitirira 1/3 ya chuma. Malamulowa ndi omveka, koma kuwatsata kumafuna masamu.

Titenge chitsanzo cha masiku ano. Bambo wa ku Area 23 wamwalira, wasiya mkazi, mayi ake omubereka, mwana wamwamuna mmodzi ndi ana aakazi awiri. Za maliro ndi ngongole zitalipiridwa, patsala K9,600,000. Mkazi alandira 1/8, yomwe ndi K1,200,000. Mayi alandira 1/6, yomwe ndi K1,600,000. Patsala K6,800,000 ya ana, ndipo wamwamuna atenga magawo awiri pamene wamkazi aliyense atenga limodzi: K3,400,000 kwa mnyamata, K1,700,000 kwa mtsikana aliyense. Apa kugawa ndi kuchotsera kwakwanira.

Koma pali milandu ina imene chimene ukufuna kupeza chimalowanso m'kati mwa chimene ukugawa. Funso loyamba la al-Khwarizmi m'gawoli ndi lotere. Munthu wamwalira nasiya ana aamuna awiri, ndipo adalamula kuti 1/3 ya chuma chake ipite kwa munthu wina wosakhala mlowam'malo. Wasiya madirham 10 m'manja, ndi ena 10 amene mmodzi mwa anawo adakongola. Kodi mwana wangongoleyo achotseredwe zingati pa ngongole yake ngati gawo lake? Al-Khwarizmi adatcha nambala imeneyo chinthu. Chuma chogawidwa ndi 10 kuphatikiza chinthu, ndipo aliyense mwa anthu atatuwo atenga 1/3 yake. Gawo la wangongoleyo ndiye chinthu chomwecho. Mukabwezeretsa ndi kufananiza, chinthucho ndi 5. Choncho madirham 10 a m'manja agawidwa 5 kwa wa wasiya ndi 5 kwa mwana wopanda ngongole, pamene wangongole salandira kanthu m'manja chifukwa gawo lake la 5 lachotsedwa pa zimene adakongola.

Aliyense amene adakhalapo pa zokambirana za pambuyo pa maliro akudziwa kuti mlandu wotere ndi umene umadanitsa abale. Al-Khwarizmi adapatsa oweruza njira yoti aliyense aone mmene gawo lake lapezekera, popanda kudalira mphamvu ya amene akuyankhula mokweza.

Mabuku ake ena ndi imfa yake

Cha m'ma 825 adalemba buku lofotokoza kawerengedwe ka ku India, kogwiritsa ntchito zizindikiro zisanu ndi zinayi ndi kamzere kozungulira koimira malo opanda kanthu. Aarabu amatcha malo amenewo sifr, ndipo liwu loti ziro lidachokera kumeneko. Buku la Chiarabulo lidatayika, koma lidapulumuka m'Chilatini. Omasulira a ku Ulaya adalemba dzina lake kuti Algoritmi, ndipo m'kupita kwa nthawi dzinalo lidasanduka liwu lotanthauza ndondomeko iliyonse yowerengera imene munthu kapena makina angaitsate sitepe ndi sitepe.

Adakonzanso Zij al-Sindhind, matebulo owerengera kayendedwe ka dzuwa, mwezi ndi mapulaneti, kuphatikizapo za kuoneka kwa mwezi watsopano. Maslama al-Majriti wa ku Spain adawakonzanso cha m'ma 1000, ndipo Adelard of Bath adawamasulira m'Chilatini mu 1126. Adalemba za astrolabe, chipangizo choyezera kutalika kwa dzuwa ndi nyenyezi chimene chinkathandiza kudziwa nthawi, komanso kabuku kofotokoza kalendala ya Ayuda.

Cha m'ma 833 adamaliza Kitab Surat al-Ard, buku la maonekedwe a dziko, m'mene adalemba malo oposa 2,000, mizinda, mapiri, nyanja, zilumba ndi mitsinje, ndi manambala osonyeza pamene chilichonse chili. Adatsata buku la Ptolemy koma adakonza zina mwa zolakwika zake, monga kutalika kwa nyanja ya Mediterranean kumene Ptolemy adakukokomeza. Kope lakale la bukuli likusungidwa ku Strasbourg m'dziko la France, ndipo m'kati mwake muli mapu a mtsinje wa Nile.

Al-Ma'mun atamwalira mu 833, al-Khwarizmi adakhalabe ndi moyo mu ulamuliro wa al-Mu'tasim ndi wa al-Wathiq. Adamwalira cha m'ma 850, ali ndi zaka pafupifupi 70.

Ulendo wa funso losatheka

Buku la al-jabr lidapitirira ndi ophunzira ena. Abu Kamil wa ku Egypt adalikulitsa, al-Karaji adawonjezera pamenepo, ndipo Umar al-Khayyam, amene adamwalira mu 1131, adalimbana ndi masamu okhala ndi x³. Ku Spain, Robert of Chester adamasulira buku la al-Khwarizmi m'Chilatini mu 1145, ndipo Gerard of Cremona adalimasuliranso ku Toledo. Leonardo Fibonacci wa ku Italy, amene adaphunzira masamu ali mnyamata ku Bejaia m'dziko la Algeria, adafalitsa njirazi ku Ulaya m'buku lake la mu 1202.

Mu 1545 dokotala wa ku Milan, Gerolamo Cardano, adatulutsa buku lotchedwa Ars Magna. Koyambirira kwa bukulo adavomereza kuti lusoli lidayamba ndi Muhammad mwana wa Musa. M'kati mwake adatenga funso la mtundu wa al-Khwarizmi weniweni: kugawa 10 pawiri kuti zigawozo zikachulukitsidwa zipereke 40. Ndi funso la khola lija. Cardano adadziwa kuti silitheka, komabe adatsata njirayo mpaka kumapeto, napeza 5 + √–15 ndi 5 – √–15. Ziwirizi zikaphatikizidwa zimapereka 10. Zikachulukitsidwa zimapereka 25 kuchotsapo –15, komwe ndi 40. Masamu adagwirizana, ngakhale Cardano mwiniwake adaona kuti n'zopanda ntchito.

Amene adaonetsa ntchito yake ndi Rafael Bombelli mu 1572. Adatenga samu ya x³ = 15x + 4, imene yankho lake ndi lodziwikiratu: 4, pakuti 64 ndi 60 kuphatikiza 4. Koma fomula ya masamu a x³ ikagwiritsidwa ntchito pa samuyi imadutsa pa √–121. Bombelli adayala malamulo ophatikizira ndi kuchulukitsira manambala achilendowa, naonetsa kuti fomulayo ikupereka 2 + √–1 kuphatikiza 2 – √–1. Mbali zachilendozo zimafafanizana, n'kutsala 4. Zidaoneka kuti kuti ufike pa yankho lenileni, nthawi zina njira imadutsa m'dera limene kale ankaliyesa lopanda kanthu.

René Descartes mu 1637 adawatcha manambala ongoganizira. Leonhard Euler mu 1777 adagwiritsa ntchito chilembo cha i kuimira √–1. Caspar Wessel wa ku Norway, amene ntchito yake idali yoyeza malo, adaonetsa mu 1799 mmene manambalawa angajambulidwire, ndipo Carl Friedrich Gauss adawakhazikitsa mu 1831. Lero amatchedwa complex numbers, ndipo quadratic equation iliyonse ili ndi yankho pakati pawo.

Tanthauzo la i msodzi angalimve msanga. Bwato likuloza kum'mawa. Kulichulukitsa ndi –1 kuli ngati kulitembenuza kuti liloze kumadzulo. Nanga ndi kutembenuza kotani kumene ukakuchita kawiri bwatolo liloza kumadzulo? Ndi kulitembenuza theka la ulendowo, kuti liloze kumpoto. Kutembenuza kumeneku ndiye i, ndipo n'chifukwa chake i kuchulukitsa ndi i kumapereka –1. Manambalawa sayeza kutalika kwa mpanda. Amafotokoza zinthu zozungulira ndi zoyenda ngati mafunde.

Magetsi ochokera ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira pa mtsinje wa Shire, amene amayatsa mababu ku Biwi ndi ku Area 25, amapita uku ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Kuyambira pamene Charles Steinmetz adaonetsa njira yake mu 1893, mainjiniya amawerengera magetsi oterewa ndi complex numbers. Mafunde amene amanyamula mawu pa foni ya m'manja ndi pa wailesi amawerengeredwanso chimodzimodzi.

Kodi ndiye kuti al-Khwarizmi adalakwa? Ayi. Khola la masikweya mita 40 silingatuluke mu waya wa mamita 20, lero ngakhale mawa. Pa mafunso a minda, malonda ndi masiye amene iye ankayankha, chiweruzo chake chikadali choona. Chimene chidachitika ndi chakuti patatha zaka zoposa 700, anthu adapeza mafunso a mtundu wina amene mayankho ake amakhala kuseri kwa malire amene iye adawalemba.

Zimene mabanja athu angatolepo

M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri kuno zidali za mishoni, ndipo makolo ambiri achisilamu a m'mbali mwa nyanja sankatumizako ana poopa kuti akasiya chipembedzo chawo. Mantha awo adali ndi chifukwa, koma zotsatira zake tikuzionabe: kwa nthawi yaitali madera athu adatsalira pa maphunziro a kusukulu, ndipo m'makomo ena mudakhazikika maganizo oti masamu ndi sayansi ndi zachilendo kwa Msilamu. Moyo wa al-Khwarizmi ukutsutsa maganizo amenewa. Buku limene lidapatsa algebra dzina lidayamba ndi kutamanda Allah, ndipo gawo lake lalikulu ndi lothandiza kutsata malamulo a Surah An-Nisa. Mwana amene amapita kusukulu m'mawa ndi ku madrasa masana sakutumikira mabwana awiri.

Nkhani ya masiye ndi imene ikutikhudza kwambiri. Mabanja ambiri a kunyanja ali ndi abale amene adamanga nyumba kapena kuyambitsa geni m'matauni a Lilongwe. Mwini wake akamwalira, si zachilendo kumva kuti achibale atenga katundu, mkazi wamasiye ndi ana n'kutsala manja lende. Lamulo la dziko lino la chuma cha masiye la mu 2011 limaletsa kulanda chuma chotere, ndipo Chisilamu chidaletsa kale kudya chuma cha ana amasiye. Koma lamulo limagwira ntchito pamene pali munthu wodziwa kulemba ngongole, kuwerengera 1/8 ndi 1/6, ndi kuonetsa aliyense mmene gawo lake lapezekera. Mtsikana amene wadziwa masamu sangauzidwe kuti gawo la mayi ake ndi mapoto ndi mphasa basi.

Chomaliza ndi khalidwe la munthu wophunzira. Al-Khwarizmi adatenga nzeru kwa anthu a ku India ndi kwa Agiriki popanda manyazi, adalemba mosavuta kuti wamalonda amve, adapereka umboni wa njira zake, ndipo pamene njira idathera adanena kuti yathera apa. Sheikh wofunsidwa za mlandu wovuta wa masiye, mphunzitsi wa m'kalasi ndi kholo pakhomo onse angatengerepo chitsanzo. Ndipo mwana akabwera kunyumba ali wokhumudwa kuti samu yamukanika, muuzeni kuti samu imodzi yotereyi idadikira zaka 700 ndipo lero ndi imene ikuthandiza kuyendetsa magetsi a m'nyumba.

Allah amukhululukire Muhammad ibn Musa, amulipire zabwino chifukwa cha maphunziro amene anthu akupindula nawo mpaka lero, ndipo awonjezere ana athu kuzindikira kothandiza. Ameen.